A Likongwe ndi Buku la Pansi pa Tebulo

Loweruka lapitali panakwana chaka chimwalirireni a Likongwe, ndipo kutchalitchi kwathu ku Scarborough kunali mapemphero owakumbukira. Anthu anayankhula zokoma zambiri. Bambo wina amene sindinamuonepo n'kamodzi komwe kunyumba kwawo anaima kutsogolo n'kunena kuti malemu anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinayamba kudzuka pampando. Mkazi wanga anandikoka jekete, ndinakhalanso pansi. Ndiye zimene anandiletsa kunena m'tchalitchi ndizinena pano. A Likongwe anali nkhalamba yamakani kuposa munthu aliyense amene ndinakumanapo naye, kuno kunja ngakhale kumudzi. Ndikunena zimenezi ndine Maliko, amene ngakhale kuweyahausi ku Etobicoke kumene ndimayendetsa fokolifiti yonyamulira katundu amadziwa kuti sindichedwa kupsa mtima.

Ndiyambe ndi mabuku, chifukwa popanda mabukuwo munthuyu simungamumvetse. Amene munaphunzira sekondale nthawi yathu ija mwina munawaonapo: timabuku tachingerezi tobwera m'makatoni a mphatso kuchokera kunja, pachikuto pali chinjoka kapena munthu wogwira lupanga. Si owerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ayi. Mwini nkhani ndiwe wowerengawe. Nkhaniyo anaidula m'ndime zokhala ndi manambala, ndipo ukamaliza ndime imodzi buku limakufunsa: ngati ukutsegula chitseko, pita ku ndime yakuti, ngati ukuthawa, pita ku yakuti. Ukakumana ndi chilombo umaponya dayisi, ndipo manambala ndiwo amagamula ngati wachipha kapena chakudya. Ukafa, wafa basi, ukayambirenso poyamba. Ife tinkawatcha mabuku a mphambano. Analipo makumi awiri ndi angapo a banja limodzi, ndipo lililonse tinalipatsa dzina lathulathu la Chichewa.

A Likongwe anali woyang'anira laibulale pasukulu ina yamishoni kumudzi. Katoni ya mabukuwa itafika, ahedi anangoona zinjoka zija n'kulamula kuti awotchedwe. A Likongwe anavomera ndi ulemu wonse, kenako anawalonga m'thumba la feteleza n'kupita nawo kunyumba panjinga. Patapita zaka zambiri, mwana wawo Thokozani anawaitanitsa kuno. Achibale anawadzazira sutikesi ndi ufa, usipa wouma ndi chinangwa choti akapatse Thoko. Iwo anatulutsa zonsezo mwakachetechete n'kuikamo mabuku. Thoko mpaka lero amati anapita kubwalo la ndege kukalandira usipa, n'kubwerako ndi zinjoka.

Kuno anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba yosamalira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa anthu, mpaka ukalamba unawapeza iwonso. Ankakhala m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba ya Thoko ku Markham, ndipo m'menemo ndi m'mene tinkakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, masana. Tinalipo anayi. Iwo, ine, a Tembo a ku Chipata amene amagwira za makompyuta ku Markham komweko, ndi a Nachisale, namwino wa ku Ntcheu amene anaphunzira mabukuwa kwa alongo awo. Ine ndinalowa gululi kudzera m'kunyozedwa. Paukwati wina ndinaona kabuku katasuzumira m'thumba la jekete la nkhalamba ina, ndinati, bambo, limenelo ndiye labwino kuposa onse. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti munthu woganiza choncho afunika thandizo, ndibwere Loweruka.

A Likongwe dayisi wogula m'sitolo sankamufuna. A Tembo anabwera nawo okongola, onyezimira ngati maswiti, iwo anangowaika m'kabati ya mbale. Ankagwiritsa ntchito pensulo, ngati momwe tinkachitira kusukulu kumene dayisi kunalibe. Pensulo ili ndi mbali zisanu ndi imodzi. Umapala utoto kumapeto kwake ndi lezala, n'kulemba wani mpaka sikisi, mbali iliyonse nambala yake. Ukaigubuduza patebulo, nambala imene yayang'ana kumwamba ndi yako. Ankati dayisi amadumphadumpha ngati ali ndi maganizo ake, pamene pensulo imayenda poyera aliyense akuona.

Tchimo lalikulu kwa iwo linali kusunga chala. Aliyense wowerenga mabukuwa amalidziwa. Usanatsegule ndime yatsopano umasiya chala patsamba lakale, kuti ukapeza imfa kutsogolo ubwerere msanga ngati sunapiteko. A Likongwe akakuona ukutero ankakumenya chalacho ndi supuni ya tiyi, ngakhale uli bambo wa ana atatu. Ankati munthu wosunga chala sanasankhe chilichonse, wangosuzumira, ndipo wongosuzumira alibe ufulu wodandaula kapena wonyadira. A Nachisale anamenyedwapo tsiku lina n'kunena kuti, “Bambo, chala chimenechi chimabaya anthu jakisoni mawa.” Iwo anayankha kuti ndiye chiphunzire kusabwerera m'mbuyo.

Koma chimene chinkatisonkhanitsa kwenikweni sichinali kusewera. Chinali kukangana kuti loipitsitsa ndi liti. Za labwino kwambiri a Likongwe sankafuna n'kumva komwe. Ankati kuyamikira ndi ntchito ya pamaliro, ndipo wokonda chinthu umamudziwa ndi momwe amadziwira zilema zake. Tebulo la m'besimentimo linali ndi mwendo umodzi waufupi. Chaka chikangoyamba tinkayala mabuku onse patebulopo n'kuyamba kuwasanja, kuchokera ku oipa pang'ono kutsikira ku oipa zedi. Limene latsalira kumapeto linkapita pansi pa mwendo waufupi uja, kukachirikiza tebulo chaka chathunthu. Thoko anafunapo kugula tebulo lina. Bambo ake anamufunsa ngati akufuna kugwetsa khothi.

Ndiye muzimva mikangano yake. Panali lina tinkalitcha Msika wa Mizukwa. Poyambirira penipeni umalowa mumsika, n'kupatsidwa mwayi wogula chinthu chimodzi: chishango, chingwe, kapena chipande chamtengo. Munthu wanzeru aliyense amagula chishango. Umayenda ulendo wonse, kupha zilombo, kuoloka mitsinje, n'kukafika pachipata chomaliza, buku n'kukufunsa ngati uli ndi chipande. Ulibe? Wafa.

“Chipande!” ndinkakuwa ine. “Munthu wopita kunkhondo agule chipande? Akukapakula chiyani kumeneko?”

“Iwe Maliko, sumvela chabe,” ankatero a Tembo. “Wogulitsa uja anakamba kuti mizukwa ili na njala. Wolemba anakupatsa chizindikiro, iwe unali bize na chishango.”

“A Tembo, inu munagula chipandecho ulendo woyamba?”

“Ine nkhani yanga ni ina.”

“Munagula kapena ayi?”

“Ninagula chingwe.”

Panalinso la Mfumukazi ya Akadzidzi, limene a Nachisale ankadana nalo chifukwa mkazi yekhayo m'buku lonselo ntchito yake ndi kulira pazenera. Panali la Ngalawa ya Mafupa, limene wolemba wake zikuoneka kuti nzeru zinamuthera pakati, chifukwa m'dziko la malupanga ndi mfiti mwadzidzidzi mukutulukira munthu wachitsulo wa mfuti yamoto. A Likongwe ankamvetsera zonsezi atapinda manja pamimba, maso ali pang'ono kutsinzina. Akaona kuti tayamba kugwirizana ankaponyapo mawu amodzi otsutsa, moto n'kuyakanso. Nthawi zina ankateteza buku limene chaka chatha iwo omwe analinyoza. Ukawakumbutsa, ankati chaka chatha anali mwana.

Buku limodzi lokha ndi limene sanasinthepo maganizo: Chigwa cha Nkhungu. Ndinene mosapsatira, limenelo ndi buku loipa. Umayenda m'nkhungu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Buku limangokufunsa kuti kumanzere kapena kumanja, osakuuza kanthu kalikonse kokuthandiza kusankha. Zilombo n'zochepa, chuma palibe, ndipo wojambula zithunzi anajambula hatchi yooneka ngati mbuzi yodwala. Atatu tonsefe tinkagwirizana kuti malo ake ndi pansi pa tebulo, ndipo ine ndinkati likhale komweko mpaka Yesu adzabwere. A Likongwe ankati ndife ana olera ndi shuga. Ankati mabuku enawo amakunyengerera, amakuikira zizindikiro panjira kuti uzidziona wochenjera, pamene ili lokha limanena zoona. Iwo atatsika ndege kuno, ankatero, ndani anawauza kuti kumanzere kuli chiyani? Ine ndinkayankha kuti ngati ndikufuna kusochera popanda chifukwa ndingokwera basi yolakwika, sindifunika buku.

Atatu kwa mmodzi, bukulo likanapita pansi chaka choyamba chomwe. Koma nkhalamba ija inatitchera msampha. Tisanayambe kusanja, anapempha kuti tigwirizane lamulo limodzi: buku silingaweruzidwe ngati wina pagulupo akuliwerenga ndipo munthu wake akadali wamoyo m'kati mwake. Mlandu sugamulidwa mboni ili panjira, anatero. Tinaona kuti n'zanzeru, tinavomera. Pomwepo anatsegula Chigwa cha Nkhungu, anawerenga ndime yoyamba, anasankha kumanzere, n'kutseka buku. Ati kwa lero zakwana. Mwezi wotsatira anawerenga ndime imodzi. Mwezi winawo imodzinso. Munthu wawo ankayenda m'nkhungumo ngati kamba, phazi limodzi pamwezi, ndipo chaka chilichonse bukulo linkapulumuka, lina n'kulowa pansi m'malo mwake. Sanaberepo. Pofunika pensulo ankaigubuduza tonse tikuona, ndipo mwayi unkawakonda modabwitsa.

Chaka china ndinalephera kupirira. Ndinamenya tebulo, tiyi n'kutayikira, ndinawauza kuti zimenezi ndi ndale zauve ndipo sindidzapondanso m'nyumba muno. Ndinakwera masitepe n'kumenyetsa chitseko. Ndili panja ndinazindikira kuti jekete ndaisiya pansi, makiyi a galimoto ali m'thumba mwake, kunja kukugwa chipale chofewa. Ndinaima pamenepo ndi shati lokha mpaka makutu anayamba kuwawa. Nditatsikanso ndinawapeza ataifunda jekete yanga pamiyendo.

“Mwabwerera, a Maliko?”

“Ndabwerera jekete.”

“Ndimayesa munati simudzapondanso muno. Kapena munasunga chala pachitseko?”

A Nachisale anaseka mpaka kutsamwa. Ndinakhala pansi. Anandithirira tiyi wina.

Shuga ndi amene anawatengera a Likongwe maso. Zinayamba pang'onopang'ono; ankabweretsa buku pafupi ndi mphuno, kenako anagula galasi lokuzira zilembo, kenako nalonso linasiya kuthandiza. Nthawi imeneyo kuntchito anandisintha shifiti, Loweruka lililonse ndinali pafokolifiti, ndiye ndinajomba miyezi ingapo. A Tembo ndiwo anatenga udindo wowawerengera ndime ndi kuwauza nambala ya papensulo. Ndinkangomva pafoni kuti madala akuyenda bwino m'nkhungu, apha fisi wa mitu iwiri, adutsa dambo la minga. Ndinkati nkhalamba imeneyi ili ndi mankhwala.

Ndinabwerera mu Febuluwale. Ndinawapeza ataonda, atakhala pampando wawo wanthawi zonse pafupi ndi hita, nkhope ikuyang'ana pang'ono pambali pa munthu amene akuyankhula naye. Anandizindikira ndi mayendedwe pamasitepe, ati palibe wina amene amatsika ngati akuthamangitsa mbava. Tsiku limenelo munthu wawo anafika pamlatho wa zingwe, malo amene tonsefe tinaferapo kale. A Tembo anawerenga mokweza: gubuduza kawiri, manambala awiriwo akapanda kukwana seveni, wagwa m'phompho.

A Likongwe anapapasa patebulo, anaipeza pensulo, anaigubuduza. Inaima pa wani.

“Faifi,” anatero a Tembo.

Ndinayang'ana pensulo, ndinayang'ana a Tembo. A Nachisale anandiponda phazi pansi pa tebulo. A Tembo anatola pensulo msangamsanga n'kuibwezera m'dzanja la nkhalamba. Inagubuduzikanso. Thu.

“Sikisi, mudala! Mwaoloka!”

“A Tembo,” ndinatero, “kodi nanunso shuga wakugwirani m'maso?”

“Iwe, nkhala zii.”

“Maliko, chonde,” ananong'ona a Nachisale.

A Likongwe anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga. “A Maliko, pensulo yati chiyani?”

“Wani ndi thu, bambo. Mwagwa. Mwafa.”

Thoko anali pamasitepe ndi thireyi ya tiyi ndi mandasi, ndipo anamva zonse. Anatsika nkhope itasintha.

“A Maliko, bambo anga akudwala. Mwabwera ulendo wonse kuchokera ku Etobicoke kudzachita zimenezi? Chisoni mulibe?”

“Thoko, ika tiyiyo pansi,” anatero bambo ake. “Iwenso ukuzidziwa?”

“Ndine ndinawapempha, adadi. Ndimaona momwe mumasangalalira. Ndinati chinthu chimodzi chokha chikuyendereni bwino.”

A Likongwe anafunsa a Tembo kuti zinayamba liti.

“Ba Likongwe, ise tinali kufuna chabe kuti...”

“Sindinafunse zimene munkafuna. Ndafunsa kuti liti.”

“Pa fisi uja.”

“Wa mitu iwiri?”

“Eya. Anakudyani.”

A Likongwe anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala. Ine mkwiyo wanga umatha msanga n'kundisiya ndekha ndi zimene ndachita. Kenako anaseka, kuseka kouma.

“Ndiye munthu wanga anadyedwa masamba asanayoyoke m'mitengo. Miyezi yonseyi mwakhala mukuyendetsa mtembo m'nkhungu, ine n'kumaombera m'manja.”

Palibe anaseka nawo. Pamenepo anatiuza nkhani imene anali asanatiuzepo. Kunyumba ya okalamba kuja, anati, kuli mawu ena ake amene antchito amayankhulira munthu amene amutaya kale mumtima: mawu okoma, okwera pang'ono, ngati oyankhulira mwana wa zaka ziwiri. Mwachita bwino, agogo, mwamaliza phala lonse. Kunali mzungu wina wokalamba wokonda drafuti, ndipo aliyense ankamulola kupambana. Iwo okha ndi amene ankamudya tsiku lililonse popanda chifundo. Mkuluyo ankawatukwana, nthawi zina kugubuduza bolodi, koma m'mawa uliwonse ankafunsa ngati Likongwe wabwera, ndipo sankalola wina kumumeta ndevu. Tsiku limene anthu ayamba kukulola kupambana, anatero a Likongwe, dziwa kuti bokosi analiitanitsa kale. Iwo maso atha, miyendo ikutha, zimenezo akudziwa. Koma ankayesa kuti patebulo ili pokha akadali munthu woti angathe kuluza.

Thoko ankalira mwakachetechete. A Tembo anavula magalasi n'kumawapukuta osasiya.

“Chabwino,” anatero a Likongwe. “Mboni yafa. Lamulo ndi lamulo. Amene akuti Chigwa cha Nkhungu ndi loipitsitsa anene.”

“Bambo, zisiyeni, si nthawi yake ino,” anatero a Nachisale.

“A Nachisale, mwayambanso mawu a phala aja. Ndafunsa funso.”

“Ndi loipa,” ndinatero ine. “Loipitsitsa.”

“Mmodzi. A Tembo?”

“Ni loipa, mudala.”

“A Nachisale?”

“Hatchi ija ndi mbuzi, bambo. Ndi loipa.”

“Atatu. A Maliko, nyamulani tebulo.”

Ndinafuna kuliika ndine, anakana. Anatsika pampando okha, pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, Thoko atatambasula manja kumbuyo kwawo koma osawakhudza. Ndinakweza tebulo. Anapapasa pansi, anasolola la Msika wa Mizukwa limene linali pamenepo, analipukuta fumbi ndi mkono wa juzi, n'kulowetsa buku lawo lokondedwa lija. Anagwedeza mwendo wa tebulo kuti aone ngati lakhazikika. Ali chigwadire choncho anati, “Mudziwe kuti ndalemekeza lamulo, osati nzeru zanu. Mwaweruza ngati mbuli.” Atabwerera pampando anawonjezera kuti kuyambira tsiku limenelo wowawerengera akhala Maliko, chifukwa ulemu alibe, ndiye sangawanamize.

Ndinapempha kuntchito kuti andibwezere Loweruka langa, ndinakangana ndi kapitawo mpaka anandipatsa. Thoko anatha miyezi akundipatsa moni wa pakamwa pokha. Koma miyezi imeneyo a Likongwe anafa imfa zambiri kuposa zaka zonse zam'mbuyo. Anasiya zoyenda phazi limodzi pamwezi. Ankatenga buku lililonse n'kulowamo ngati mnyamata. Anamizidwa ndi Ngalawa ya Mafupa, analasidwa ndi munthu wachitsulo, anagwidwa ndi akadzidzi. Mumsika muja anagula chishango dala, ati akufuna akaone ngati wapachipata uja akadali wopusa. Ndikawauza kuti mwafa, ankamenya tebulo, kunditcha mfiti, kunena kuti pensulo ndaiuzira mpweya, kenako n'kulamula kuti tiyambirenso. Thoko anandiuza pambuyo pake kuti Loweruka limenelo likamayandikira bambo ake ankadya bwino.

Ulendo womaliza ndinawaona kuchipatala. Sankatha kugwira pensulo, ndipo panalibe tebulo loigubuduzirapo, ndiye tinangokhala. Anthu a kutchalitchi anali atangotuluka kumene, atawauza kuti akuoneka bwino ndipo achira posachedwa. Anandikodola kuti ndiyandikire.

“A Maliko, ndikuoneka bwanji?”

“Moipa, bambo.”

Anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira chenji chokwanira. “Nanga buku langa lija, mukadali kunena zomwe zija?”

“Loipitsitsa.”

“Mbuli,” anatero, n'kutseka maso. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiyankhula, ndipo sindingawasinthanitse ndi madalitso a bishopu.

Loweruka lapitali, titatuluka m'tchalitchi, Thoko anatiitana atatufe ku Markham. Chimwalirireni bambo ake tinali tisanatsikemo m'besimenti muja. Mwezi wamawa mulowa alendi, ndiye anafuna tione chochita ndi mabuku. A Tembo anagwada pafupi ndi tebulo n'kunena kuti chaka chinakwana kale, bukulo lituluke, ndipo polemekeza malemu tiliike pamwamba pa onse, likhale loyamba. A Nachisale anavomera, misozi ili m'maso. Ine magazi anakwera.

“Mukufuna kuwalola kupambana kachiwiri? Poti tsopano sangakumenyeni ndi supuni?”

“Maliko, munthu anamwalila,” anatero a Tembo. “Nkhalako na mtima.”

“Buku loipa silikhala labwino chifukwa mwini wake wamwalira. Kuti lituluke pamenepo, wina abwere ndi mfundo, atiuze loipa kuposa ili, tikangane. Muli nayo mfundo?”

Onse anayang'ana Thoko, poti nyumba ndi yake. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa.

“Lisiyeni pomwepo,” anatero Thoko. “A Maliko, tebulolo mudzalitenge ndinu. Ndi buku lake.”

Anakwera onse kukamwa tiyi, ine ndinatsalira. M'besimentimo mulibenso bedi, makatoni aunjikidwa kukhoma, ndipo pawindo laling'ono lija la m'mwamba umangoona udzu ndi matayala a galimoto ya Thoko. Mpando wawo ukadali pafupi ndi hita, khushoni yake yolowa pakati, mbali imodzi ya chogwirira itayera chifukwa cha dzanja. Ndinakhala pamalo anga, moyang'anana nawo. Ndinayamba kunena mokweza, monga ndinkachitira chaka chilichonse: kuti bukulo lilibe mutu, kuti kumanzere ndi kumanja si nkhani, kuti mlatho uja unaikidwa ndi munthu wodana ndi owerenga, kuti wolemba wake akanakhala pafupi ndikanamubweza kusukulu. Ndinanena zonse, sindinasiyeko n'chimodzi chomwe. Nditamaliza ndinakhala chete pamalo pamene iwo ankakonda kundidula.

Ndinadikira. Pamwamba ankasuntha makapu. Palibe ananditsutsa.